Mwana akufuna kuphunzira za maukonde pa kompyuta: ayambire pati?

Bambo wina wa ku Mangochi, msodzi, watilembera kuti mwana wawo wamkazi wakhoza bwino masamu ndi fizikisi pa MSCE, ndipo akukakamira zophunzira kuwerengera pa kompyuta mmene ukonde umachitira m'madzi. Akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yeniyeni, komanso sukulu yake ndi iti.

Bambo, ntchitoyi ilipo, ndipo chiyambi chake inu mumachidziwa kale. Mukamakoka khoka, maso ake amafinyika, nsomba zing'onozing'ono n'kukanika kutuluka. Akatswiri amajambula ukondewo pa kompyuta, n'kuugawa m'tizigawo tambirimbiri, kenaka n'kuwerengera mphamvu imene ikukoka ulusi uliwonse ndi mfundo iliyonse. Njira ina yotchuka amaitcha finite element method. Madzi ali ndi khalidwe lake: boti likawirikiza liwiro kawiri, ukonde umalemera pafupifupi kanayi, mafuta n'kumangotha. N'chifukwa chake amayamba ayesa pa kompyuta asanadule ulusi. Anapezanso kuti maso otembenuzidwa ndi madigiri 90, amene amawatcha T90, amakhalabe otseguka pokoka, tiana ta nsomba n'kupulumuka. Kwa ife amene tikuona chambo chikusowa, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Makhola a ukonde oweteramo nsomba m'nyanja, monga amene a Maldeco anaika kwanuko, nawonso amafuna masamu omwewa. Madzi akamathamanga, khola limapindika, nsomba n'kupanikizana; ndere zikamera pa ulusi, madzi amalikankha kwambiri.

Akatundu a ntchitoyi ali ku bungwe lofufuza za nyanja la IFREMER m'dziko la France, amene anapanga pulogalamu ya pa kompyuta yoyesera maukonde ya DynamiT, ndi ku bungwe la kafukufuku la SINTEF komanso yunivesite ya NTNU ku Trondheim, Norway. Ku Hirtshals, Denmark, kuli thanki yaikulu ya madzi oyenda yoyeseramo timaukonde, kuti aone ngati kompyuta yanena zoona.

Pa kasankhidwe ka sukulu m'pamene ambiri amasocherera. Akamva za maukonde amathamangira maphunziro a zansomba ku Bunda kapena ku Mzuzu University. Ndi maphunziro abwino, koma amatsamira kwambiri pa moyo wa nsomba ndi kasamalidwe ka nyanja. Mwana wanuyo ndingakonde atayamba ndi mechanical kapena civil engineering (uinjiniya wa makina kapena wa zomangamanga) ku MUBAS, apo ayi masamu ndi fizikisi ku UNIMA ku Zomba. Aphunzirenso kulemba mapulogalamu a pa kompyuta, makamaka m'chiyankhulo cha Python. Za maukonde zenizenizo adzazilondola pa digiri yachiwiri, kawirikawiri kunja.

Ndisakubisireni: ntchito za maukonde okhaokha n'zochepa. Koma masamu omwewo ndi amene amagwira pa milatho, madamu ndi mapaipi a madzi, ndiye sadzakhala manja lende.

Podikira mayina a ku yunivesite, muzimutenga kudooko. Asoke nanu matchera, ayeze maso a ukonde wouma ndi wonyowa, wakale ndi watsopano, n'kumalemba zonsezo m'kope.