Ndidetse magetsi akumbuyo ndekha?

Funso: Ndili ndi galimoto ya Honda Fit. Ndikufuna kupopera utoto wakuda pa magetsi akumbuyo kuti izioneka bwino. Ndingachite ndekha pakhomo? Wowerenga, Mbare, Harare.

Yankho: Achimwene, mungathe, koma ine sindingayerekeze. Kufiira kwa magetsiwo ndi kumene kumauza wa kombi wakumbuyo kwanu pa Simon Mazorodze Road kuti mwaponda buleki. Mukapopera kawiri katatu, usiku kukugwa mvula amangooneka ngati khala lozilala. Apolisi nawonso akuimitsani.

Ngati mtima wakana, gulani pulasitiki yomata yosada kwambiri. Tsukani galasi ndi sopo, matani likadali lonyowa, kenaka kankhani timathovu ndi khadi yakale ya kubanki. Ikakutopetsani, mumangoitenthetsa pang'ono n'kuisenda. Utoto ukagwira, konzekani kukasaka magetsi ena ku Kaguvi Street, kumene amagulitsa zipangizo za galimoto.