Masiku atatu ku Stone Town akwana, mukakonzekera bwino

Achemwali, mwafunsa ngati masiku atatu angakwane kukaona mzinda wa Zanzibar mukamaliza kugula katundu ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam, komanso zoyenera kukonzeratu. Akwana ndithu, bola mukagone mkati mwa Stone Town, mbali yakale ya likulu la chilumbachi, osathamangira kugombe tsiku loyamba.

Wa pasipoti ya Malawi safunika viza ku Tanzania, koma pasipotiyo ikhale pafupi pokwera boti, chifukwa a imigireshoni amaiyang'ananso padoko la Zanzibar ngakhale mwachokera ku Dar es Salaam. Kuyambira mu Okutobala 2024 alendo akunja amayenera kugula inshuwaransi ya Zanzibar Insurance Corporation. Lipirani pa intaneti musananyamuke, kenako sungani chiphaso chake mufoni ndi papepala, poti netiweki ya padoko siyodalirika pakakhala chikhamu.

Tikiti ya boti gulani pa ofesi yeniyeni ya Azam Marine. Anyamata amene amakuthamangirani pageti n'kumati ofesi ili uku amakupititsani kwa ogulitsa apakati, ndipo mumalipira mowonjezera. Ulendo ndi wa maola awiri. Sankhani boti la m'mawa, makamaka kuyambira Juni mpaka Seputembala pamene kumawomba mphepo ya kusi, mnzake wa mwera wa panyanja yathu. Masana mafunde amakula ndipo anthu ambiri amasanza. Ngati mumachita chizungulire, khalani pansi cha kumbuyo ndipo mumwe mankhwala musanakwere.

Nthawi ndi imene imasiyitsa anthu boti. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo, Aswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye wina akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, "saa sita" ndi 12 koloko. Yang'anani zimene zalembedwa patikiti.

Makwacha kumeneko sagwira ntchito. Khalani ndi mashilingi, ndipo ngati mwanyamula madola akhale atsopano, osang'ambika, chifukwa akale amakanidwa.

Misewu ya Stone Town ndi yopapatiza moti galimoto sililowa m'malo ambiri, ndipo mapu a pafoni amasokonezeka pakati pa nyumba zazitali. Uzani a pamalo ogona adzakutengeni padoko. Mukasochera, funsani njira ya ku Forodhani, paki ya m'mbali mwa nyanja, kapena ku msika wa Darajani, kuchokera pamenepo simuvutikanso.

Malo amene Mmalawi sayenera kuphonya ndi tchalitchi cha Anglican cha Christ Church ku Mkunazini. Chinamangidwa pamene panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo ambiri ogulitsidwa pamenepo anali ochokera kwathu kuno, owoloketsedwa panyanja kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. Amene anachimanga ndi a mishoni ya UMCA, omwewo a ku Likoma, motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere. Mkatimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Patulani maola awiri, mutsike m'zipinda zapansi, muwerenge zolembedwa m'nyumba yachionetsero mosathamanga. Pitani m'mawa kusanadzaze.

House of Wonders, nyumba yakale ya mfumu (sultani) ya Zanzibar, inagumuka mbali ina mu Disembala 2020, choncho funsani kaye ngati akulowetsa anthu. Old Fort, linga lakale la mzindawu, ili pafupi pomwepo.

Madzulo ku Forodhani kumakhala msika wa zakudya. Idyani urojo (supu wothira mbatatesi), Zanzibar pizza ndi madzi a nzimbe, zimene amakonza inu mukuona. Nsomba ndi nkhanu zoyalidwa patebulo zimatha kukhala maola ambiri n'kungotenthetsedwa, ndipo ndi zimene zimatsegula anthu m'mimba. Funsani mtengo asanaike pamoto.

Tsiku lachiwiri kwerani kaboti kupita ku kachilumba ka Changuu, kumene ena amati Prison Island, mukaone akamba akuluakulu. Ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola. Gwirizanani mtengo wopita ndi kubwerera, ndipo mulipire ina popita, yotsala mukabwerako. Tsiku lachitatu, ngati mukufuna kusambira, pitani ku gombe la Nungwi kapena Kendwa pa daladala (minibasi). Ku gombe la Paje madzi amaphwera kutali kwambiri kawiri patsiku, mutha kufika n'kupeza mchenga wokhawokha.

Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndiye mumzinda valani zophimba mapewa ndi mawondo, chitenje chimathandiza kwambiri. M'mwezi wa Ramadani malo ambiri odyera amatseka masana, ndipo kudyera pamsewu sikulemekeza eni mudzi. Musajambule munthu musanapemphe, makamaka amayi. Kuyambira Malichi mpaka Meyi kumagwa mvula yamphamvu, malo ogona amatsika mtengo koma maulendo a kaboti amalephereka kawirikawiri. Pobwerera, musakwere boti lomaliza ngati basi yanu ya ku Malawi inyamuka m'bandakucha, tengani la m'mawa kuti katundu wanu mukamukonze kukadali kowala.