Vuto si foni yokha, mayi

Mayi a ku Lizulu, mwafunsa chomwe chapangitsa mwana wanu wa Fomu 2 kuyamba kunyoza anzake pa gulu la WhatsApp. Musathamangire kuloza chala foni. Ana ambiri otere amatengera zapakhomo: bambo akamalalatira mayi madzulo aliwonse, mwana amakaphwetsera mkwiyo pa mnzake wofatsa. Ena anayamba anyozedwapo, ndiye akubwezera.

Mwana wa achemwali anga ankatero. Makolo ali ku Johannesburg, iye kutsala ndi agogo osadziwa n'komwe potsegulira foni. Usiku wonse ali m'bulangete ndi bandulo, womuona palibe.

Khalani naye pansi, mumufunse modekha amene anamuyamba. Mumuuzenso kuti lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuzunza munthu pa intaneti. Zikakukulirani, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.