Yankho: Kodi graphics card ingathandize pokonza makanema a ukwati?

Achimwene a ku Dedza boma, mwafunsa chifukwa chake kompyuta yanu imakakamira mukamakonza makanema a ukwati, chonsecho CPU yake, purosesa yaikulu ya kompyuta, ndi yabwino. Ndikuganiza kuti vuto lili pa graphics, gawo lomwe limajambula zithunzi pa sikirini.

Sikirini ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo mtundu wa kadontho kalikonse umayenera kuwerengedwanso mwina ka 60 pa sekondi imodzi. CPU ili ndi ma core (timagawo towerengera masamu) ochepa, nthawi zambiri 4 mpaka 16, amphamvu zedi pa ntchito zovuta zotsatizana. GPU, purosesa ya pa graphics card, ili ndi ma core ang'onoang'ono masauzande omwe amachita masamu osavuta onse nthawi imodzi. Zili ngati kukumba mbatatesi ku Bembeke: akatswiri anayi sangapose gulu la aganyu, aliyense atagwira mzere wake.

Card imakhalanso ndi memory yakeyake, VRAM. Graphics za Intel zokhala mkati mwa CPU zimabwereka RAM, memory yaikulu ya kompyuta, n'chifukwa chake zinthu zimalemera msanga mukayika zokometsera zambiri pa kanemayo.

Gulani card ndithu, ya Nvidia kapena AMD, koma ine sindingakulangizeni ya VRAM yochepera 4GB. Musanapereke ndalama, tsegulani bokosi la kompyuta yanu muone ngati muli slot ya PCIe x16 yolowetsamo card, muwerengenso ma watt pa power supply, kabokosi kopereka magetsi, poti makadi ena amafuna waya wapadera wa 6-pin kapena 8-pin. Card ikakhala ya kaunjika, ogulitsawo aiyatse inu mukuona, mumvetsere ma fan. Ngati yanu ndi laputopu, ambiri salola kusintha GPU.