Kodi tilembe dzina la Mulungu pa kwacha?

Mayi wina wogulitsa chambo pamsika wa paboma pano ku Mangochi wandilembera imelo. Mlongo wawo wochokera kunja adawaonetsa dola, ndipo adaonapo mawu oti "In God We Trust", kutanthauza kuti timadalira Mulungu. Funso lawo ndi ili: ife timati ndife dziko loopa Mulungu, nanga bwanji ndalama zathu ndi malamulo aakulu a dziko zili chete pa za Iye? Si bwino titsanzire a ku Zambia?

Mayi, zikomo pondifunsa. Yankho langa ndi loti ayi, ndipo ndikunena izi ngati munthu wopemphera.

Mawu a pa dola aja adabwera mochedwa. M'malamulo aakulu a America a 1787 mulibemo. Adayamba kuoneka pa ndalama yachitsulo mu 1864, dzikolo lili pa nkhondo yapachiweniweni. Pa ndalama zapepala adafika mu 1957, patangotha chaka chimodzi nyumba ya malamulo itawasandutsa mwambi wa dziko, nthawi imene America inkalimbana ndi Soviet Union, boma lokana zachipembedzo. Ndale zidalimo ndithu. Ku Zambia, Frederick Chiluba adalengeza mu Disembala 1991 kuti dzikolo ndi lachikhristu, ndipo mu 1996 zidalembedwa m'mawu oyamba a malamulo awo.

Athu a 1994 amayamba ndi kupatulika kwa moyo wa munthu, umodzi wa anthu onse ndi chikumbumtima cha aliyense. Gawo 33 limapatsa munthu ufulu wa chipembedzo ndi chikhulupiriro. Ngakhale lumbiro la pulezidenti pa gawo 81, limene limatha ndi kupempha thandizo la Mulungu, limalola wosafuna kulumbira motero kungolonjeza popanda mawuwo. Kumbukirani kumene tidachokera, mayi. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ambiri adamenyedwa, nyumba zawo kutenthedwa, zikwizikwi n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu 1993. Dziko limene lidaona boma likulowa m'chikumbumtima cha anthu motero lili ndi chifukwa chomveka chosafuna boma lisankhe chipembedzo.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yapakhomo. Mbandakucha timadzuka ndi azana ya kumzikiti, Lamulungu mabelu a tchalitchi, ndipo banja limodzi limakhala ndi shehe komanso mkulu wampingo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti m'dziko muno, koma m'boma la Mangochi ndiwo ambiri. Mukukumbukira mkangano wa hijabu m'sukulu za mishoni, ana akubwezedwa pageti, mpaka bungwe la Public Affairs Committee lidayanjanitsa mbali ziwirizi mu 2021. Mu 2023 khothi lalikulu lidalamula kuti ana a Chirasta asamakanizidwe sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Onsewa adali ndi poima chifukwa malamulo aakulu sakondera chipembedzo. Tikadalemba kuti Malawi ndi dziko lachikhristu, mtsikana wa ku Makanjira akadayamba mlandu wake ali kale ngati mlendo kwawo, ndipo zimenezo zimandipweteka mtima kungoziganiza.

Komanso Mulungu sitidamusiye kunja. Nyimbo ya fuko lathu ndi pemphero lopempha kuti adalitse Malawi, ndipo Msilamu ndi Mkhristu amaiimba limodzi popanda wina kuchita manyazi. Pa K500 ndi K2000 pali m'busa John Chilembwe, amene chikhulupiriro chake chidamuimitsa kutsutsana ndi thangata mu 1915. Chizindikiro cha boma chili ndi mawu a umodzi ndi ufulu.

Pa ndalama penipeni ndiye ndimakana kwambiri. Inu mumaidziwa kwacha kuposa ine: imagwa m'mamba a nsomba, imapindidwa pamfundo ya chitenje, imang'ambika. Yomweyo imene lero yalowa m'mbale ya chopereka kapena yapita ku zakati, mawa ili m'bala, mkuja yaperekedwa ngati chiphuphu kuti wolakwa amasulidwe. Sindingakonde kuona dzina limene timagwadira likusinthana manja pa malonda oterowo, ndipo ndikukhulupirira kuti shehe kapena abusa anu mukawafunsa, nawonso aima kaye asanavomere.