Mwana akutsokomola: ndi chimfine kapena chibayo?

Mayi wina wandilembera pa imelo za mwana wake wa zaka ziwiri. Akuti mwanayo amadwala chimfine pafupipafupi, makamaka miyezi yozizira. Akangoyamba kutsokomola, mayiyo amagula makapisozi a amoxicillin pa golosale, n'kutsegula, kusungunula m'madzi, kumumwetsa masiku awiri kapena atatu. Akufunsa chimene chimayambitsa chifuwachi, komanso mmene angadziwire kuti tsopano ndi chibayo.

Mayi, ndiyambe ndi makapisoziwo: asiyeni. Chimfine, zilonda zambiri zapakhosi ndi chifuwa chobwera ndi mamina zimayamba ndi mavairasi, monga rhinovirus, RSV ndi fuluwenza. Amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriya, koma vairasi samukhudza n'komwe. Mwana wanu amachira chifukwa nthawi yochira yakwana. Chimfine chimatha chokha pa masiku 7 mpaka 10, ngakhale kakutsokomola kamatsalira mpaka milungu itatu. Mwana wa msinkhu umenewu akhoza kudwala chimfine ka 6 kapena ka 8 pachaka popanda vuto lina. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira musachite mantha, ndi mmene chimfine chimayendera. Koma mankhwala omwera theka aja amamutsegula m'mimba, ndipo mabakiteriya a m'thupi mwake amawazolowera, moti tsiku limene adzafunikiredi sadzagwira ntchito bwino.

Chibayo ndi china. Apa matenda atsika mpaka m'mapapo, timatumba tolandira mpweya tadzaza madzi ndi mafinya, ndipo mwana akupuma mothamanga kuti apeze mpweya wokwanira. Chingayambe ndi vairasi, komanso ndi mabakiteriya monga pneumococcus ndi Hib, amene amalowerera pamene chimfine chafooketsa kale njira ya mpweya. N'chifukwa chake mwana amaoneka ngati akuchira, kenako tsiku lachinayi kapena lachisanu thupi latenthanso.

Kukula kwa kutsokomola sikukuuzani kanthu. Mwana wina amatsokomola nyumba yonse n'kudzuka koma mapapo ali bwinobwino, wina amangoti khokho pang'ono chibayo chitamugwira kale. Chokuuzani zoona ndi kapumidwe, ndipo mukhoza kukawerenga nokha.

Dikirani mwana akhale phee, ali m'tulo kapena pamiyendo panu, osati akulira kapena akuyamwa. Mukwezeni malaya kuti mimba ndi nthiti zioneke. Ikani foni pambali ionetse masekondi. Mimba ikakwera n'kutsika, kumeneko ndi kupuma kumodzi. Werengani miniti yathunthu. Osawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, chifukwa ana aang'ono amapuma modukizadukiza ndipo mudzalakwitsa. Mwana wosakwana miyezi iwiri akupuma mothamanga ngati wafika ka 60 pa miniti. Wa miyezi iwiri mpaka 11, ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, monga wanuyo, ka 40. Akagwedezeka pakati, yambiraninso. Ngati nambala yafika pamenepo, pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera mwanu.

Malaya akadali okweza, yang'anani m'munsi mwa nthiti, pamene chifuwa chimakumana ndi mimba. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa chonse chimatukumuka. Mukaona kuti pamenepo pakulowa m'kati nthawi iliyonse imene akukoka mpweya, ngati pakukumbika kadzenje, mapapo akuvutika. Mphuno zikamatanuka popuma, kapena akamabuula potulutsa mpweya, nazonso n'zomwezo.

Pali zina zosadikira kuti kuche: mwana akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, wafooka moti akuvuta kudzutsa, milomo yasintha mtundu n'kuderako, kapena akumveka phokoso lokhadzula pakhosi pokoka mpweya ali phee. Khanda losakwana miyezi iwiri likangotentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, nyamukani, ngakhale lisakutsokomola.

Kuchipatala amuyeza malungo, chifukwa nawo amatenthetsa thupi ndi kufulumizitsa kupuma. Akapeza chibayo chosafika poipa, amapereka amoxicillin yemweyo, koma wa ana wosungunuka m'madzi, mapiritsi a 250 mg, kawiri patsiku kwa masiku asanu. Mlingo umatsata kulemera: mwana wa makilo 4 mpaka pansi pa 10 piritsi limodzi, wa makilo 10 mpaka pansi pa 14 awiri, wa makilo 14 mpaka 19 atatu. Mukuona kuti kapisozi wa pa golosale uja, ngakhale chikanakhala chibayo, mlingo wake ndi wongoganizira. Malizitsani masiku onse ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Akapanda kusintha pa masiku awiri kapena atatu, bwererani. Chibayo chachikulu chimafuna kugonekedwa, jekeseni, ndi okosijeni ngati kachipangizo kapachala kaonetsa kuti mpweya m'magazi watsika pansi pa 90.

Nanga ngati mwawerenga n'kupeza ka 30, nthiti sizikulowa, mwana akudya? Ameneyo ndi wosamalira kunyumba. Mupatseni zakumwa pafupipafupi, ndipo woyamwa ayamwe kwambiri. Mphuno zikatseka, wiritsani madzi kapu imodzi ya 250 ml, sungunulani mchere wosadzaza theka la supuni ya tiyi, aziziritseni, n'kudonthezera madontho awiri mphuno iliyonse asanadye ndi asanagone. Pa chifuwa, theka la supuni ya tiyi ya uchi madzulo limathandiza, koma kwa mwana wopitirira chaka yekha. Khanda uchi ukhoza kulidwalitsa matenda ofooketsa minofu. Thupi likatentha n'kumamusowetsa mtendere, panado wa madzi: 15 mg pa kilo iliyonse, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi patsiku. Mwana wa makilo 12 ndi 180 mg, kutanthauza 7.5 ml ngati pabotolo palembedwa 120 mg pa 5 ml. Aspirin ayi. Timabotolo ta mankhwala a chifuwa nato, kunena zoona, n'kutaya ndalama chabe, ndipo tina timagonetsa mwana mpaka simungazindikire kuti akufooka.

Mawu akuti "pafupipafupi" a m'kalata mwanu ndi amene ndikufuna tiwaonetsetse. Ngati akudwala, n'kuchira, n'kunenepa bwino pa sikelo, ndi zimfine zosiyanasiyana basi. Koma ngati chifuwa chapitirira milungu iwiri osatsika, mwana akuwonda, wasiya kusewera, kapena m'nyumba muli wamkulu wotsokomola nthawi yaitali, kayezetseni TB, ndipo wamkuluyo akapereke makhololo. M'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala ake ndi zaulere. Ayezedwenso HIV ngati sanayezedwe. Ngati chifuwa chimabwera usiku kapena akathamanga, m'chifuwa mukulira ngati kaluzu, mwina ndi mphumu, ndipo mankhwala ake ndi opopera a salbutamol, osati makapisozi.

Kuzizira pakokha sikubala tizilombo. Chimene chimachitika mu Juni ndi Julayi n'chakuti timadzitsekera m'nyumba, mazenera otseka, mbaula ili pakati. Utsi wa nkhuni, makala ndi fodya umawononga tiubweya tosesa fumbi ndi tizilombo m'njira ya mpweya, ndipo mwana wobereka kumsana pophika amaupuma wonse. Phikirani panja kapena potseguka, mwana akhale patali, ndipo mbaula isagone m'chipinda, chifukwa mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Tsegulaninso buku lake la kuchipatala. Katemera wa pentavalent, amene amatetezanso ku Hib, ndi wa PCV woteteza ku pneumococcus, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, amabayidwa pa milungu 6, 10 ndi 14. Ngati pali bokosi losalembedwa, tengani bukulo pa sikelo yotsatira akaone chochita.