Kwa achimwene ofuna kukayesa kasino ku Blantyre

Achimwene, mwafunsa kuti kasino imayenda bwanji, komanso kuti munthu angasewere bwanji osamwaza malipiro a mwezi. Juga m'dziko muno imayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa, choncho musaiwale chitupa cha unzika. Mukalowa mumagula matchipi (timapulasitiki toimira ndalama posewera), n'kusankha tebulo kapena makina.

Chomwe ndikufuna mumvetse ndi masamu ake, chifukwa ambiri amapsa poganiza kuti nkhani ndi mwayi basi. Titenge roulette, masewera a gudumu lozungulira pomwe kampira kamagwera pa nambala imodzi. Gudumu lake lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Mukaika K1,000 pa nambala imodzi n'kupata, amakupatsani K35,000 n'kukubwezeraninso K1,000 yanu ija. Zikumveka zokoma. Koma mukasewera maulendo 37 mwaponya K37,000, pomwe mwachizolowezi nambala yanu imagwa kamodzi, kubweza K36,000 yokha. K1,000 yotsalayo ndiyo phindu la kasino, 2.7 peresenti. Gudumu lokhala ndi 0 komanso 00 limadya pafupifupi kawiri, lipeweni.

Ena akuuzani kuti mukaluza muzingowirikiza. Musamvere. Mukayamba ndi K1,000 pobetcha mtundu wa nambala, wofiira kapena wakuda (pomwe phindu limafanana ndi yomwe mwaika), n'kuluza kasanu ndi kawiri motsatizana, K127,000 yapita, ndipo mukufunika K128,000 ina kuti mupindule K1,000 yokha. Tebulo lililonse lilinso ndi malire a ndalama yomwe mungaike. Gudumu silikumbukira: wofiira atagwa kasanu, wakuda sakhala kuti wayandikira. N'chimodzimodzi kandege ka Aviator ka pafoni kaja.

Ndiye musanakwere minibasi pa depoti ya Zomba, lipirani lendi, gulani ufa, ikani padera ya fizi. Tengani yokhayo yomwe itatha simungasowe tulo, ndalama yobwerera ikhale thumba lina. Khadi ya banki isiyeni kunyumba, ndipo mu Airtel Money kapena Mpamba musasiyemo zambiri, chifukwa ikatha ya m'manja dzanja limathamangira foni. Tcherani alamu ya ola limodzi, ikalira nyamukani, kaya mwapata kaya mwaluza. Mowa muumwe mukamaliza.

Koma mukayamba kutenga katapila, kupinyolitsa foni, kapena kunamiza akunyumba za komwe kwapita ndalama, amenewo si masewera ayi. Uzani m'bale yemwe mumamukhulupirira akusungireni ndalama, ndipo kaonaneni ndi alangizi a zamaganizo. Zomba Mental Hospital tili nayo konkuno.